Phunziro la Pamsana pa Ahedi

"Amayi, mvula ikagwa pamwamba penipeni pa phiri, imadziwa bwanji mbali yotsikira?"

Anandifunsa choncho mwana wanga wamkazi tsiku lina tikuanula zovala, mvula ikuyamba kuwaza. Za m'buku ndinkangozikumbukira patalipatali, ndiye ndinamuyankha ndi nthano iyi.

Padangokhala, ndipo inu muvomereko kuti tili tonse ngakhale chamumtima, padali sukulu ya nyama yotchedwa Kamsana. Mphunzitsi wamkulu pasukulupo anali a Nguluwe. Aliyense ankawatchula kuti Ahedi, ndi akazi awo omwe. Sitandade 4 ankaphunzitsa Mayi Nkhanu, amene anali asanakhazikike pantchito. Iyeyu poyenda ankayenda cham'mbali, poganizanso ankaganiza cham'mbali.

Nkhanu anali ndi kanthu kena kamene ankasunga mumtima. Zaka zisanu m'mbuyomo, asanayambe uphunzitsi, anaterereka panjira dzuwa la mu Okutobala lili phwee, n'kugwa chagada. Anapalasa miyendo yonse m'mwamba koma osatembenuka, ndipo thupi linayamba kuuma. Kenaka panadutsa nguluwe ina ikufukula mizu. Inamutembenuza ndi mphuno, inakumba pang'ono mumchenga wa m'khwawa mpaka timadzi tinatuluka, n'kumukankhiramo.

"Muzigona kunyumba, amayi, osati panjira," inatero, n'kupitiriza kufukula osacheuka.

Nguluwe ija ndi imene inadzakhala Ahedi. Iwo nkhaniyi anaiiwala tsiku lomwelo. Nkhanu sanaiiwale, komanso sanaitchulepo.

Tsono kuseri kwa ofesi yawo Ahedi anamangako mpanda wa udzu, pakhomo pake n'kulembapo kuti, "Laibulale ya Ahedi. Osalowa." Masana aliwonse ankalengeza kuti akukawerenga, ndipo ankatulukamo ali ndi matope kuseri kwa makutu. M'katimo munalibe buku ndi limodzi lomwe. Munali chithaphwi chokunkhuliramo, momwenso ankatayiramo makoko a mbatata, madeya owola, ndi zina zosatchulika pamaso pa ana. Mvula ikagwa chithaphwicho chinkasefukira n'kudutsa pansi pa mpanda. Mwana akafunsa kumene madziwo akupita, Ahedi anali ndi yankho lawo lokonzeratu.

"Madzi a pasukulu amathera pamalire a sukulu. Akafika pamalire amaima, amagwada, n'kulowa pansi. Lembani!"

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera kwa Bwana Kakowa, woyendera sukulu. Ahedi ataiwerenga anatuluka thukuta, kenaka anamwetulira, n'kuitanitsa Nkhanu.

"Mayi Nkhanu, Bwana Kakowa akubwera ikangogwa mvula yachitatu. Funso lawo kwa ana anu ndi limodzi: madzi a pa Kamsana amapita kuti? Ana akalephera, mupinde mphasa yanu muzipita."

"Nanga akakhoza, Ahedi?"

"Mukhazikika pantchito. Koma sakhoza."

"Mwadziwa bwanji?"

"Choko chatha."

"Dzulo ndinaona bokosi lathunthu muofesi muno."

"Chadya chiswe."

"Pepani kwambiri. Chiswe chakecho chakusiyirani zoyera pamilomo, Ahedi."

Ahedi anapukuta kukamwa msangamsanga. "Bolodinso ndikulifuna kulaibulale. Pitani!"

Nkhanu anatuluka akudziwa bwino chimene chikuwadya Ahedi. Ana akangodziwa njira ya madzi, adziwanso kumene matope a m'laibulale amathera. Koma ntchito ankaifuna, ndipo ana ankawakonda. Anakhala pansi pa khonde, maso ake ataimirira, mpaka anaona Ahedi akudutsa pabwalo akudzikanda pamtengo chifukwa cha kutentha. Anauyang'ana msana wawo, wotukuka pakati, ubweya utandanda pamwamba kuchokera pakhosi mpaka kumchira. Anamwetulira.

"Ahedi, ana akupempha kuti akusambitseni."

"Andisambitse? Chifukwa?"

"Ndi ulemu. M'sukulu zina amatero."

"Sukulu ziti?"

"Zapamwamba zokhazokha."

"Nanga ino si yapamwamba? Tengani madzi!"

Ahedi anaima pakati pa bwalo, maso atatseka, akubuula mokondwa. Ana anazungulira ndi zikho. Nkhanu anatuma Gologolo, mwana wosakhazikika kuposa onse, kuti akwere panthambi athire madzi pamzere wa ubweya penipeni.

"Yang'anitsitsani," ananong'ona Nkhanu. "Dontho ili latsikira kumanja, linzake kumanzere. Anagwa limodzi koma sadzaonananso. Wawalekanitsa ndani?"

"Msana!" anatero ana.

"Mtunda uliwonse uli ndi msana wake. Sukulu yathu ino yakhala pamsana penipeni, n'chifukwa chake dzina lake ndi limeneli."

Nkhono, amene ankachedwa pa chilichonse kupatula kuyang'anitsitsa, anakweza nyanga. "Aphunzitsi, nanga tinjira tamadzi iti?"

"Amenewo ndi makwinya a Ahedi. Kumtunda timawatchula makwawa. Onani, awiri akumana apa, apanga kamfuleni. Kamfuleni katsikira kumwendo. Mwendowo ndiye mtsinje."

"Mtsinje wa kumbuyowu ukununkha," anatero Chule mokweza.

Ahedi anatsegula diso limodzi. "Mukunena chiyani kumeneko?"

"Ana akuyamikira msana wanu, Ahedi. Akuti sanaonepo wogawa bwino chonchi."

"Ndi wakumtundu. Malume anga analinso nawo. Thirani kuphewaku."

Tsiku lomwelo Nkhanu anapeka kanyimbo. Mtsogoleri ankafunsa kadontho kumene kakulowera, gulu n'kumayankha kuti kafunse msana, ndipo polekezera onse ankavomera ndi mwambi uja wakuti madzi saiwala khwawa. Kavinidwe kake kanali ka cham'mbali: ana ankaima pamzere umodzi, theka n'kutsetserekera kumanja, theka kumanzere, matako ali pansipansi. Kanyimboko kanali ndi kugunda kwake kwapadera, kuwiri mofulumira kenaka kumodzi mochedwa, kosati n'kukumva miyendo n'kukhala chete.

Mvula yoyamba inagwa. Mawa lake Ahedi anapeza ana akuvina pabwalo, anamvetsera mawu ake, makutu anaima.

"Mayi Nkhanu! Msana wanga mwausandutsa bolodi?"

"Munasamba bwino koma, Ahedi?"

"Musandizembe! Kuyambira lero palibe wondikhudza. Ndipo palibe kutulutsa ana kunja kwa malire kuti mukatsatire madzi. Phazi limodzi kunja, ntchito yatha."

"Ine mapazi ndili nawo asanu ndi atatu. Mukunena liti?"

"Onse!"

Apa panavuta. Ana anadziwa kuti madzi amagawikana, koma Bwana Kakowa adzafunsa kumene amakafika. Nkhanu anayenda cham'mbali kuzungulira ofesi katatu, mpaka anapunthwa pamulu wa zitsononkho zimene Ahedi ankaponya pawindo akamaliza kukukuta chimanga.

"Ahedi, zitsononkho izi zikunyozetsa ofesi yanu. Bwana Kakowa adzati chiyani? Tikutayireni?"

"Tsopano mwayamba kuganiza ngati mphunzitsi. Tayani. Koma malire!"

"Sitidutsa."

Anagawa zitsononkho pawiri. Zina anazisiya zoyera, zina anaziwaula pamoto mpaka zinada. Zoyera ana anaziyala m'ngalande ya kumaso kwa sukulu, zakuda m'ngalande ya kuseri, pafupi ndi mpanda wa laibulale.

"Ine sindikutumani kulikonse," anatero Nkhanu. "Mukaweruka muzipita kwanu monga mwa masiku onse. Koma wina akatola chitsononkho panjira, asachisiye chikusowa mwini."

Mvula yachiwiri inagwa yamphamvu, n'kukokolola zonse. Mawa lake ana anabwera aliyense atanyamula chake. Gologolo ndi anzake a kum'mawa anatola zoyera zokhazokha mumfuleni wa Thundu. A kumadzulo anatola zakuda zokhazokha. Chule anabweretsa zisanu, zimene anazipeza kwawo ku Dziwe la Nyangale.

"Sizinabwere zokha, Aphunzitsi. Zinabwera ndi makoko a mbatata ndi fungo lija la mtsinje wa kumbuyo. Amayi akuti n'chifukwa chake mawu awo anasasa."

"Makoko amachokera kuti?" anafunsa Gologolo, akuyang'ana mpanda wa laibulale.

"Mwina ndi zikuto za mabuku," anatero Nkhanu. "Tiyeni tipitirize."

Nkhono sanaoneke tsikulo. Anafika mawa lake masana, akukankha chitsononkho chimodzi chakuda. Ana anayamba kuseka, koma Nkhanu anawakhalitsa chete n'kumufunsa zimene waona. Zinapezeka kuti Nkhono, poyenda mwa kayendedwe kake, anaona chilichonse: pamene ngalande ya kuseri imalowa m'khwawa, pamene khwawalo limakumana ndi linzake pamkuyu, pamene awiriwo amasanduka mfuleni, mpaka kukafika padziwe. Anafotokoza zonse mwandondomeko, ndipo palibe anasekanso. Poweruka Gologolo anangotsitsa mchira wake pansi, Nkhono n'kukwerapo. Kuyambira tsikulo ankabwera naye kusukulu m'mawa uliwonse.

Nyimbo ija inakula. Inalandira ndime yatsopano yotchula njira yonse monga anaifotokozera Nkhono, malo ndi malo, mpaka ku Dziwe la Nyangale, makoko a mbatata akutsatira pambuyo. Ndime imeneyi ankaitsogolera ndi Nkhono mwiniwake, ndipo polekezera pake panali pomwe paja, pa madzi osaiwala khwawa.

Mvula yachitatu itagwa, Ahedi anamva ndime yatsopanoyo ali m'kati mowerenga. Anatuluka matope ali chuchuchu.

"Mayi Nkhanu, mawa ndi tsiku la Bwana Kakowa. Kuyambira pano mpaka iwo atachoka, pakamwa panu pasatuluke liwu ndi limodzi lomwe. Mwamva?"

Nkhanu anagwedeza maso.

"Ndati mwamva?"

Nkhanu analoza pakamwa pake.

"Ehee, n'zomwezo. Ndipo mawa m'mawa ana anu ndilankhula nawo ndekha."

Nkhanu anadziwa kuti kulankhulako ndi kuopseza. Poweruka anakodola Gologolo, analoza Nkhono, analoza mchira, n'kupukusa dzanja kukana. Gologolo anadabwa.

"Ndisamunyamule mawa? Achedwatu, Aphunzitsi."

Nkhanu anavomereza ndi maso onse awiri.

M'mawa Ahedi analowa m'kalasi atanyamula khasu. "Bwana akafunsa, yankho ndi limodzi: madzi amathera pamalire. Wonena zina akumba chitsa cha mtondo chija mpaka mizu yake yonse. Woimba akumba ziwiri."



Bwana Kakowa anafika dzuwa litakwera, atavala suti yawo yoyera, buku lalikulu kukhwapa. Koma sutiyo kuyambira m'maondo kutsika inali yofiirira, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wakangana ndi akazi ake m'mawa. Sanafune mpando, sanafune madzi akumwa.

"Ana inu, madzi a pasukulu pano amapita kuti?"

Gologolo anayang'ana denga. Ahedi anatsokomola n'kusisita mpini wa khasu.

"Iwe wamaso akuluakulu, yankha."

Chule anaimirira. "Ama... amathera pamalire, Bwana."

"Pamalire? Akafikapo amatani?"

"Amagwada, Bwana."

Bwana Kakowa anatsegula buku lawo. "Mayi mphunzitsi, muli ndi chonena?"

"Alibe," anayankha Ahedi. "Ndi wamanyazi."

Nkhanu anaona cholembera chikutsikira papepala. Anasuzumira pakhomo. Nyanga ziwiri za Nkhono zinali zitangotulukira pakhonde. Pamenepo anakweza dzanja lake lalikulu n'kuyamba kugogoda pachigoba chake ngati akudzikanda: kuwiri mofulumira, kumodzi mochedwa. Kuwiri mofulumira, kumodzi mochedwa.

Nkhono, amene za chitsa cha mtondo sanazimve, anaganiza kuti wachedwa pa nthawi ya nyimbo. Anayamba ndime yake ali pakhomo pomwepo, ndi mawu ake onse. Mwendo wa Chule unayamba kugwedezeka wokha. Gologolo analuma mchira wake kuti adziletse, koma pofika polekezera kalasi yonse inavomera, n'kuimirira, theka kutsetserekera kumanja, theka kumanzere.

"Zitsa ziwiri!" anakuwa Ahedi. "Zitatu!"

"Akhale chete ndinu," anatero Bwana Kakowa. Anamvetsera ndime yonse khosi litatalika. "Iwe wanyangawe, wati dziwe liti?"

"La Nyangale, Bwana."

"Ndi makoko a mbatata?"

"Ndi fungo lomwe, Bwana," anawonjezera Chule.

"Ine kwathu ndi ku Nyangale komweko! Zaka ziwiri tsopano suti zanga zikuthera m'dziwe limenelo. Akazi anga akuti ndimadutsira kumowa. Ndafunsa funso limeneli m'sukulu zisanu ndi imodzi, lero ndiye ndayankhidwa. Mayi mphunzitsi, ntchito ndi yanu mpaka ukalamba. Tsopano ana inu, ndionetseni pamene madzi amenewa amayambira."

Ana anaimba nyimbo ija chobwerera, kuchokera kudziwe kukwera kumfuleni, pamkuyu, m'khwawa, m'ngalande, ndipo gulu lonse linakaima pampanda wa udzu. Mvula inali itayambanso kuwaza. Bwana Kakowa anawerenga chikwangwani, anakankha chitseko, anasuzumira, n'kutseka mphuno.

"Ahedi, mabuku a laibulale imeneyi ali kuti?"

"Chi... chiswe, Bwana."

Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Ahedi pobwerera chambuyo anaponda khoko la mbatata, anaterereka, n'kugwera m'ngalande chagada. Ngalandeyo inali yopapatiza ndipo inawagwira m'nthiti. Anapalasa miyendo inayi m'mwamba, koma osatembenuka.

Bwana Kakowa anatsegula tsamba latsopano. "Mphunzitsi wamkulu woipitsa madzi a anthu, wophunzitsa ana kuti madzi amagwada. Mupinde mphasa yanu. Mpando wanu tiona woupatsa, ndipo sali patali."

Anatero akuyang'ana Nkhanu. Koma Nkhanu sankawayang'ana iwo. Ankayang'ana miyendo ija ikupalasa m'mwamba, ndipo anamva pamimba pake kutentha kwa dzuwa la mu Okutobala. Anasendera pafupi ndi ngalande n'kuloza pakamwa pake.

"Lankhulani!" anabuula Ahedi. "Chonde lankhulani, mayi!"

"Zikomo, Ahedi, mwagona bwino pamalo pake penipeni. Bwana, musalembe kaye, phunziro silinathe. Ana inu, bwerani. Tsiku lija tinaona msana. Msana ukatembenuka timapeza chiyani?"

Ana anayang'ana. Mvula inkagwa pamiyendo inayi ija, n'kutsetserekera m'kati, yonse kukasonkhana pamchombo.

"Chigwa!" anakuwa Gologolo.

"Miyendo ndi mitunda," anatero Nkhono, "ndipo pamchombopo ndi pa Nyangale."

"Mwakhoza. Msana umagawa madzi, chigwa chimawasonkhanitsa. Chilichonse chotayidwa pakati pa mitunda imeneyi chikapezeka padziwe limodzi. Bwana, phunziro lonseli zipangizo zake ndi za Ahedi. Msana anapereka ndi iwo. Zitsononkho ndi zawo. Popanda fungo la laibulale yawo ana sakanatha kulondola njira. Lero aperekanso mimba."

Bwana Kakowa anapendeketsa mutu. "Ndiye mukuti zonsezi zinali zokonzeratu?"

"Ndikuti zonse zinachokera kwa iwo, Bwana. Ndipo latsala gawo lomaliza. Mawa chithaphwi chikwiriridwa, tikumba china kutali ndi ngalande, n'kubzala udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono, matope azitsala. Mizereyo Ahedi alima okha ndi mphuno. Pasukulu pano palibe khasu loposa limenelo."

"N'zoona zimenezi, Ahedi?"

"Zoona, Bwana. Zonse."

"Ndi kuchapa suti zanga?"

Ahedi anayang'ana Nkhanu chadodolido. Nkhanu anagwedeza diso limodzi.

"Ndi kuchapa komwe, Bwana."

Bwana Kakowa sanali mwana. Anayang'ana Nkhanu nthawi yaitali, kukhosi kwawo kukugwedezeka ngati ameza kansomba kamoyo. Kenaka anatseka buku. "Ndibweranso vetiva akaphuka. Ndikadzapeza dziwe lathu lili mbee, tsamba ili ndidzang'amba." Ananyamuka akukweza miyendo kupewa matope.

Nkhanu anazula mtengo umodzi wa mpanda, anaulowetsa pansi pa msana wa Ahedi, ana onse n'kutsamira kumapeto kwake. Kuwiri mofulumira, kumodzi mochedwa, ndipo Ahedi anatembenuka n'kuima pamiyendo yawo. Ana anathamangira m'kalasi kuthawa mvula, Nkhono ali pamchira wa Gologolo.

Ahedi anaima pomwepo madzi akutsika mbali zonse ziwiri za msana. Kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa.

"Mayi Nkhanu, mpando unali wanu. Ine ndinakudyerani choko. Mwandipulumutsiranji?"

"Madzi saiwala khwawa, Ahedi."

"Iyayi, nyimbo imeneyo yandikwana! Ndikufunsa zenizeni."

Nkhanu anatola khoko la mbatata lija panjira n'kuliponya kudzala kuti wina asatererekenso.

"Muzigona kunyumba, Ahedi, osati m'ngalande," anatero, n'kulowera cham'mbali kukalasi.

Ahedi anakanda kuseri kwa khutu. Mawuwo anawamva ngati anawamvapo kale penapake, koma sanakumbukire kuti n'kuti. Nthano yanga nayo yatsikira m'khwawa lake, yafika padziwe.